Kupanga vision board ya chaka chatsopano uli kuno ku Joni, mmene ine ndimapangira

Tsiku lomwe ndinatsika basi pa Park Station ndinali ndi kachikwama kamodzi, ndipo mumtima ndinkati zaka ziwiri basi, ndigwire ntchito, ndimange nyumba ya malata kwathu ku Ntcheu, ndibwerere kwa ana anga. Zinadutsa zaka zisanu nyumba palibe. Osati kuti sindinkagwira ntchito ayi, ndinkadzuka 4 koloko tsiku lililonse kukaima pa mzere wa taxi pa Bree, koma ndalama ya kuno imalowa pa 30 pofika pa 7 yatha, lendi, thiransipoti, magetsi, kumudzi aimba kuti ufa watha, wina wadwala, kwinaku maliro, nde umangoona Disembala wafika wina wafikanso iwe uli pomwe unali paja. Ambiri a ife tikuidziwa nkhani imeneyi, sindikufotokoza zachilendo.

Chinthu chomwe chinandithandiza ine ndi chikatoni chomata pakhoma. Kuno amachitchula kuti vision board, ine ndimangoti bolodi la masomphenya. Ndinachiona koyamba kunyumba yomwe ndinkagwira ntchito ku Randburg, mwana wa madamu anga atayala magazini pansi ponse akudula zithunzi, ndinamufunsa nkundifotokozera kuti umamata zinthu zomwe ukufuna pa moyo wako kuti udziziona tsiku ndi tsiku. Ndinakapanga langa, ndinamata galimoto, nyumba yosanja, nyanja ya ku Durban, mayi wovala bwino atanyamula chikwama chodula. Linali lokongola ndithu koma chaka chinatha osasintha kanthu, chifukwa panalibe chilichonse pabolodipo chondiuza choti ndichite Lolemba likubwerali. Chaka chotsatira ndinasintha kapangidwe, ndipo ndi kapangidwe kameneko komwe ndikufuna ndikugawireni abale anga.

Choyamba musathamangire sizasi. Tengani kope ndi bolopeni, khalani penapake pa zii, kaya Lamulungu masana pochokera ku tchalitchi kaya usiku anzanu a mchipinda atagona, mulembe zonse zomwe mtima wanu ukufuna chaka chino osasankha. Nyumba, fizi ya mwana, pasipoti yomwe yatsala pang'ono kutha, laisensi yoyendetsera galimoto, makina osokera, kubweza ngongole, kupita kumudzi pa Khirisimasi, kusiya mowa, kuyezetsa BP, lembani zonse ngakhale zifike 20. Mukatha mufunse pa chilichonse kuti kodi ichi ndikuchifuna ine kapena ndachiona pa Facebook kwa mnzanga? Funso limeneli limafufuta pafupifupi theka. Pa zotsalazo musankhe zitatu, zikachuluka zinayi. Ndikudziwa zimawawa kusiya zina, koma akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, malipiro athu ndi amodzi ndipo sangakoke ngolo khumi nthawi imodzi. Ine ndimasankha chimodzi chachikulu cha kumudzi, chimodzi cha mapepala kapena luso loti lindikwezere malipiro kuno, chimodzi cha thupi langa kapena moyo wanga wauzimu. Chachitatuchi anthu amachinyozera koma ukadwala kuno zonse zimaima, palibe amene angakulowere ntchito.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pomwe pagona nkhani yonse, chilichonse mwasankha chija chisanduke chinthu chowerengeka. Mawu oti ndikufuna kumanga nyumba ndi loto chabe. Lembani kuti malata 40, matumba a simenti 30, zitseko zitatu, mawindo anayi. Imbani kumudzi mufunse mmisiri weniweni kuti nyumba ya zipinda zakuti imadya malata angati, a mafiti angati, a geji yanji, kenako wina akakufunsireni mitengo ku hardware ya pa boma pafupi ndi kwanu, mashopu awiri kapena atatu osati imodzi. Ndipo chonde pabolodi lembani katundu osati ma kwacha. Amene tinali kusunga ndalama mu Novembala 2023 tikukumbuka bwino, kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi ndipo mitengo ya simenti ndi malata inalumpha nthawi yomweyo, chaka cha 2022 mu Meyi inali itagwetsedwanso ndi 25 peresenti. Amene analemba kuti ndisunga ma kwacha akuti anawapeza ma kwachawo koma osakwanira kanthu. Lata ndi lata, mukaligula lili m'nyumba, silitsika mphamvu.

Mukadziwa mtengo musinthe mu ma rand nkugawa. Tiyerekeze chinthucho chikufuna R12,000. Musagawe ndi miyezi 12 ayi, gawani ndi 10, chifukwa Januwale ndi wouma kwa wina aliyense ndipo pa chaka pamakhala mwezi umodzi womwe chinachake chimagwa mwadzidzidzi. Nde kuti R1,200 pa mwezi, kwa amene mumalandira pa sabata ndi R300 Lachisanu lililonse. Tsopano yang'anani malipiro anu moona mtima, chotsani lendi, taxi, chakudya, magetsi, ya kumudzi ya mwezi ndi mwezi, muone ngati R1,200 ikutsala. Ngati sikutsala musadzinamize, chepetsani cholinga, malata 20 chaka chino 20 chaka cha mawa, kapena lembani pomwepo komwe yowonjezera ichokere, ganyu ya Loweruka yochapa ndi kusita, kuluka tsitsi, kugulitsa mandasi kapena usipa ndi chambo chouma kwa a kwathu, kusamukira chipinda chotsikirako mtengo. Bolodi lomwe masamu ake sakugwirizana ndi thumba lanu limangokupatsani chisoni mukaliyang'ana, pofika Malichi mumalitembenuza.

Chachitatu ndi makalendala awiri. Ife a kuno timakhala m'maiko awiri nthawi imodzi, thupi lili ku Johannesburg koma ndalama zathu zimayendera nyengo ya ku Malawi, nde pansi pa bolodi jambulani mzere wautali muugawe miyezi 12 ndipo pamwamba pa mzere mulembe za kumudzi, pansi pake za kuno. Kumudzi Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi ya njala, chimanga chimadula ndipo mafoni amachuluka, miyezi imeneyi musaikepo zogula zikuluzikulu. Epulo, Meyi mpaka Juni anthu akolola, chimanga chimatsika mtengo, ino nde nthawi yogulira matumba a chaka chonse ndi mankhwala othira kuti chisafumbwe, mukatero Januwale wotsatira simudzalira. Kuumba ndi kuotcha njerwa, kapena kuumba mabuloko a simenti, ndi ntchito ya chilimwe, kuyambira Juni mpaka Okutobala mvula isanayambe, ndipo ngati mukufuna kufolera denga likhale litakwera pofika Novembala. Feteleza ndi mbewu zifike kunyumba mu Okutobala osati kudikira mvula yoyamba aliyense akulimbirana. Sukulu chaka chimayamba mu Seputembala, nde yunifolomu, nsapato, makope ndi fizi kwa amene ana anu ali ku sukulu zolipira, zonsezi zimakumana ndi ya feteleza mwezi wotsatira, miyezi iwiri imeneyo imapweteka ngati simunaikonzekere kuyambira Meyi.

Pansi pa mzere lembani za kuno. Juni ndi Julayi kumazizira koopsa, magetsi kapena parafini amadya ndalama, ndipo achimwene a m'ma garden mukudziwa kuti udzu sumera, masiku a ntchito amachepa. A zomangamanga makampani ambiri amatseka chapakati pa Disembala nkutsegula Januwale ali mkati, ngati mumalipidwa pa tsiku ndiye kuti masabata amenewo mulibe kanthu. A ntchito za m'nyumba mabwana amapita ku holide nthawi yomweyo. Ngati mukufuna kukadyera Khirisimasi kumudzi ikani ya basi padera kuyambira pakati pa chaka ndipo tikiti mugule msanga, mu Disembala mitengo imakwera, pa Beitbridge mzere wake umatha maola ambirimbiri, kenako Nyamapanda, Tete, Zobue mpaka kulowa pa Mwanza, masiku awiri pa msewu munthu umadya, ndipo kumudzi sufika chimanjamanja. Tsegulaninso pasipoti yanu lero lomwe muone tsiku lomwe ikutha, mulilembe pa mzerewo ndi bolopeni yofiira, komanso tsiku la pemiti kwa amene muli nayo. Zinthu za mapepala zimachedwa, kuyamba miyezi ingapo tsiku lisanakwane kuli bwino kusiyana ndi kuthamangira ku consulate sabata yomaliza mtima uli m'mwamba.

Zonsezi zikatha m'kope nde mutha kukagula zipangizo, ndipo apa sindichedwapo chifukwa nzosavuta. Katoni yaikulu mupemphe pa spaza (kagolosale kakang'ono ka kuno) kapena kuseri kwa supamaketi, mudule mbali imodzi, mumate mapepala oyera pamwamba. Amene mungakwanitse gulani chipepala cholimba chija ana amapangira ma project a ku sukulu, mu Januwale chimapezeka paliponse, ku PEP, ku Shoprite, m'mashopu a ma China. Guluu wa Pritt, sizasi, ma koki (zolembera zonenepa zija, ma marker) awiri kapena atatu, envulopu imodzi yaikulu, ndi Prestik yomatira kukhoma popeza eni nyumba ambiri safuna misomali.

Zithunzi nazo zili ndi nkhani yake. Za m'magazini ndi zokongola koma si zanu. Uzani wa kumudzi apite pa puloti yanu akajambule mmene ilili lero, ngakhale pali tchire lokhalokha kapena maziko omera udzu, akutumizireni pa WhatsApp, mukapulintitse pa internet cafe, ndi ma rand ochepa. Chithunzi chimenecho chiikeni pakati penipeni. Pambali pake mutha kumata nyumba yomwe mukufuna, koma ikhale ya msinkhu womwe mungafikire, ine ndinajambulitsa nyumba ya mphunzitsi wina wa kwathu, zipinda zitatu ndi khonde, ndinkaikonda kuyambira ndili mtsikana. Malata, simenti, zitseko, matanki a madzi, ma solar, dulani m'mapepala otsatsa malonda aja a Cashbuild kapena Builders omwe amangotayidwa m'mageti. Ngati cholinga ndi fizi ikani nkhope ya mwana wanuyo atavala yunifolomu, ngati ndi laisensi dulani chithunzi cha lole kapena galimoto mulembe pansi pake mtundu wa laisensiyo, code 8 kapena code 10, komanso mwezi womwe mukalembe mayeso a learner's. Mawu olimbikitsa ikani amodzi okha, ochokera mumtima mwanu, m'Chichewa. Ambiri amene timapita ku mapemphero a usiku wa pa 31 Disembala timamva abusa akuwerenga Habakuku 2 vesi 2, pomwe mneneri akuuzidwa kuti alembe masomphenya mooneka bwino, ena amalemba vesi imeneyo pamwamba, abale athu achisilamu amalemba dua yawo, ine ndinalemba maina a ana anga awiri basi.

Pomata, cholinga chilichonse chikhale ndi dera lake, ndipo pansi pa chithunzi chilichonse jambulani timabokosi. Malata 40 ndi timabokosi 40. Matumba a simenti 30 ndi timabokosi 30. Fizi ya matemu atatu ndi timabokosi titatu. Chinthu chikagulidwa mumadetsa kabokosi kamodzi ndi koki. Anthu amaona ngati ndi zachibwana koma ndikukuuzani, tsiku lomwe mwatopa, madamu akukalipirani pa zinthu zosadziwika bwino, taxi yakutsitsani mvula ikugwa, mukalowa m'chipinda nkuona timabokosi 14 takuda pa 40 mumagona mukudziwa chomwe mukuvutikira. Lamulo lake ndi limodzi, musadetse kabokosi chifukwa choti mwatumiza ndalama, mudetse pokhapokha mwaona chithunzi cha katunduyo ndi lisiti lake.

Lamulo limeneli ndinaliphunzira ndi misozi. Chaka china ndinatumiza ndalama miyezi isanu ndi iwiri kwa m'bale wanga wina, pa foni ankandiuza kuti khoma lafika pa windo, kenako lafika pa lintala, ine nkumasangalala. Nditapita ndinapeza maziko okha ndi mulu wa njerwa zosapsa bwino. Sindinakangane naye, nayenso anali ndi mavuto ake ndipo ndalama ikakhala m'manja pakhomo pali njala imadyedwa, koma ndinalira usiku wonse. Kuyambira pamenepo ndalama ya chitukuko ndi ya chakudya sizipita kwa munthu mmodzi. Ya chakudya imapita kwa mayi anga pa Airtel Money kapena Mpamba, ya malata ndimatumiza pa Mukuru kwa munthu wina amene amakagula tsiku lomwelo, nkujambula katundu ali m'sitolo, nkujambulanso atafika pakhomo, ndipo mmisiri ndimamulipira ntchito ikatha gawo ndi gawo, maziko, khoma, denga. Envulopu ija imateni pakona ya bolodi, ma slip onse otumizira ndalama aziponyedwa mmenemo. Ndalama zokha musasunge mu envulopuyo kapena pansi pa matilesi, m'zipinda zathu mumalowa anthu ambiri ndipo kuthyoledwa si nkhani yachilendo kuno.

Tsopano kopachika. Likhale pamalo pomwe maso anu amafika mukangodzuka, moyang'anizana ndi bedi kapena kuseri kwa chitseko. Koma ndikudziwa ambiri timakhala awiri atatu m'chipinda chimodzi ku Rosettenville, ku Yeoville, ku Mayfair, ku Diepsloot, ena m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya bwana, ndipo si aliyense amene amakondwa kuona mnzake akupita patsogolo, komanso wina akaona kuti mukusunga R1,200 pa mwezi mawa lake abwera kudzabwereka. Ngati zili choncho matani bolodi mkati mwa chitseko cha wadiropu, mumaliona povala mmawa uliwonse, kapena pangani laling'ono pa tsamba lapakati la kope lalikulu. Manambala a ndalama mutha kuwasiya m'kope, pabolodi pakhale zithunzi ndi timabokosi. Mukamaliza lijambuleni pa foni chikhale chithunzi cha pa sikirini, ndipo mudzitumizirenso pa WhatsApp pamodzi ndi chithunzi cha pasipoti yanu. Tonse tikukumbuka moto wa ku Marshalltown pa 31 Ogasiti 2023, anthu oposa 70 anamwalira ndipo ena mwa iwo anali a kwathu, amene anapulumuka anatuluka opanda kanthu m'manja. Chilichonse chofunika chomwe chili pa pepala chikhalenso penapake poti mutha kuchipeza muli paliponse.

Pa chifukwa chomwechi pakona ina ya bolodi siyani malo a zadzidzidzi. Palibe amene amafuna kumata chithunzi cha maliro pa bolodi la maloto ake ndipo simukuyenera kutero, ingolembani kuti ya pangozi, ndi timabokosi 10, kalikonse R100 kapena R200 mmene mungathere. Ngati simunalowe gulu la maliro la a kwanu kapena la ku tchalitchi lowani chaka chino, kunyamula thupi kuchoka kuno kukafika ku Malawi ndi ndalama zambiri zedi ndipo timaona mmene anthu amavutikira kusonkha m'magulu a WhatsApp. Kopanda thumba limeneli vuto loyamba lomwe lingabwere limadya malata anu onse.

Kenako pezani munthu mmodzi, mmodzi yekha, woti mumuonetse bolodi lonse ndi manambala ake. Mutu umodzi susenza denga. Wanga ndi achemwali ena omwe timapemphera limodzi, mwezi ukatha amandiimbira nkufunsa kuti mayi a Chisomo, tadetsa tingati mwezi uno? Ndipo ine ndimawafunsanso za makina awo osokera. Ngati muli mu chipereganyu, chomwe eni dziko kuno amati stokvel, pemphani kuti mwezi wanu wolandira ugwirizane ndi kalendala ija, mulandire mu Meyi ngati mukufuna chimanga, mu Ogasiti kapena Seputembala ngati ndi malata ndi feteleza. Kulandira mu Disembala nkokoma koma ndalama ya Disembala imathera ku Dragon City ndi China Mall, zovala ndi mphatso, pofika Januwale palibe chooneka. Ndipo lowani gulu la anthu omwe mukudziwa komwe amakhala ndi komwe amagwira ntchito.

Tsiku lolandira malipiro ndi tsiku la bolodi. Musanagule chilichonse, musanayankhe uthenga uliwonse wa kumudzi, imani kutsogolo kwake mphindi zisanu, chotsani ya bolodi ija muitumize kapena muiike komwe mumasunga, zotsalazo nde mugawe. Mukayamba ndi zina nkumati yotsala ndisunga, siitsala, ndayesa zaka zisanu. Pa miyezi itatu iliyonse, kumapeto kwa Malichi, Juni ndi Seputembala, khalani pansi ndi kope lija mufunsenso mitengo kumudzi, muone mmene rand ikusinthidwira, mukonze masamu.

Padzakhala mwezi womwe simudzadetsa kabokosi ngakhale kamodzi. Mwina ntchito yatha, mwina mabwana asamukira ku Cape Town kapena kunja, mwina mwana wagonekedwa m'chipatala. Musang'ambe bolodi ndipo musalibise. Tengani koki mulembe pa mwezi umenewo chomwe chachitika, mawu awiri okha, ntchito inatha, kapena mayi anadwala, kenako musunthe tsiku lomaliza. Chaka chomwe ine ndinafolera nyumba ndinali nditalemba kuti denga likwere mu Okutobala, mu Juni ntchito ya masiku atatu pa sabata inandithera, ndinakhala miyezi iwiri ndikudalira maganyu a Loweruka, ndipo pofika Novembala ndinali ndi malata 28 okha pa 40. Ndinauza mmisiri afolere zipinda ziwiri, chachitatu tinaphimba ndi pulasitiki yakuda mpaka mvula inatha, 12 otsalawo ndinawasamutsira pa bolodi la chaka chotsatira ndipo anagulidwa mu Epulo. Bolodi lakalelo ndinalipinda ndikulisunga m'sutikesi pamodzi ndi envulopu yake ya ma slip.

La chaka chino ndamata dzulo usiku. Pakati pali chithunzi cha nyumba ija mayi anga atakhala pakhonde, pansi pake timabokosi 25 ta simenti ya pulasitala ndi pansi, kumanja kuli mwana wanga wamkulu amene akulemba MSCE chaka chino, kumanzere ndalemba tsiku lomwe pasipoti yanga ikutha ndi bolopeni yofiira, ndipo pakona pali kachithunzi ka makina oyezera BP chifukwa anesi a ku kiliniki anandiuza kuti ndizipita mwezi uliwonse, timabokosi take ndi 12. Koki yakuda ndaimangirira ndi ulusi pa bolodi pomwepo kuti isasowe, kabokosi koyamba ndikadetsa Lachinayi ndikachokera ku kiliniki.